Atate akukana kuyenda: kodi tiwakakamize?

FUNSO: Atate anga ali ndi zaka 63 ndipo anadwala sitiroko miyezi inayi yapitayo, moti mwendo ndi dzanja lamanzere zinafooka. Achipatala anatiuza kuti aziyenda tsiku lililonse mpaka kutuluka thukuta, koma iwo amangokhala pakhonde, nsima amangoilawa, ndipo nthawi zina amalira popanda chowaputa n'kumanena kuti asanduka katundu wa ana awo. Kale ankapalasa njinga kukagulitsa tomato kumsika wa Kapata. Azakhali akuti tisawavutitse chifukwa wodwala amafunika kupuma. Kodi timvere ndani?
Mwana wawo wamkazi, Mchini, Chipata

YANKHO: Mayi, azakhali anu akulankhula mwachifundo, koma pankhani imeneyi mverani achipatala. Mwendo wa atate anu sunathyoke. Chimene chinavulala ndi mbali ya kumanja ya ubongo, yomwe imalamulira kumanzere kwa thupi, pamene mtsempha wa magazi unatsekeka kapena kuphulika. Ubongo umatha kupeza njira zina zotumizira uthenga kumwendo, koma umaphunzira bwino mwendowo ukamaponda mobwerezabwereza, ndipo umaphunzira msanga m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira. Atate anu akadali m'nyengo imeneyo. Kupuma kuli ndi nthawi yake, pakuti kafukufuku wamkulu wa mu 2015 anasonyeza kuti kudzutsadzutsa wodwala pabedi kuti aime ndi kuyenda m'maola 24 oyambirira sitiroko itangomugwira sikumuchitira ubwino, koma pakatha miyezi inayi kukhala pamalo amodzi kumangoumitsa minofu ndi mfundo za mwendo.

Kuyenda kumene achipatala akunena si kungokwekwesa phazi kuchoka pakhonde kufika pakhomo la khitchini. Ayende mpaka mtima uyambe kugunda mofulumira ndi mpweya kuchepa pang'ono, moti angathe kulankhula koma osatha kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Yambani ndi mphindi zisanu, kawiri kapena katatu patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka afike mphindi 20 kapena 30. Musanayambe akayezetse BP, asadumphitse mankhwala ake, ndipo akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire aime pomwepo. Wowaperekeza aime kumbali yofooka ndipo agwire chitenje chomangidwa zolimba m'chiuno mwawo. Dzanja lofookalo musalikoke, chifukwa phewa limaguluka mosavuta ndipo ululu wake umatenga miyezi. Avale nsapato zotseka, osati patapata, ndipo m'nyengo yotentha ngati ya Okutobala aziyenda m'mamawa kapena chakumadzulo. A fiziyo (akatswiri othandiza ziwalo zofooka kuti ziyambenso kugwira ntchito) ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete ndiwo angaone ngati akufunika ndodo kapena chogwiriziza phazi kuti lisamakoke pansi.

Komabe chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi mawu akuti katundu. Mwa anthu atatu alionse opulumuka ku sitiroko, pafupifupi mmodzi amadwala matenda ovutika maganizo, ndipo amenewa ndi matenda enieni, osati ulesi kapena mwano. Amayamba chifukwa cha kuvulala kwa ubongo komweko, komanso chifukwa chakuti bambo amene ankadyetsa mudzi akuona ana ake akumusambitsa. Kulira kodzidzimukira nakonso kumatha kubwera ndi sitiroko yomweyo. Kuyenda mwamphamvu kumapeputsa mtima ndi kubwezera tulo, koma ndingakunamizeni nditati pakokha n'kokwanira. Ngati kukhumudwa, kukana chakudya ndi kusowa tulo kwapitirira milungu iwiri, kafotokozeni zonsezi kukiliniki monga mmene mwandilembera, chifukwa uphungu ulipo, mankhwala aliponso, ngakhale amatenga milungu ingapo asanayambe kugwira ntchito. Akadzatchula zofuna kufa, apititseni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mankhwala opopera tomato muwachotse m'nyumba lero lomwe.

Za kukakamiza, ine sindikuvomereza, pakuti munthu wamkulu akalamulidwa ndi mwana wake amaumitsa khosi. Apatseni kopita. Lero akaone nkhuku kukhola, mawa akapereke moni kwa aneba, ndipo pakhoma mulembe ndi khala pamene afika tsiku lililonse kuti aziona okha mzere ukusuntha. Ngati wina m'banja akupitiriza malonda a tomato, mtengo wa mulu auike atate, ndipo ndalama zamadzulo aziwerenga iwowo. Azakhali musakangane nawo: apempheni kuti ulendo wotsatira wa kwa a fiziyo mupitire limodzi, akadzimvere okha, kenako chitenje cha m'chiuno chija muwapatse agwire iwo.