Koi zanu sizikumenyana, zikuikira mazira

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaweta nsomba za koi, zamitundumitundu zokongoletsera pakhomo zija, m'dziwe lawo. Akuti tsiku lina m'mawa anapeza nsomba zitatu zikuthamangitsa ina yaikulu, kuikankhira kukhoma, madzi ali thovu lokhalokha, fungo lili guu. Pa udzu wa m'madzi panamatirira tinthu tonga mikanda, koma pofika mawa lake tonse tinali titasowa. Akufunsa ngati nsombazo zikumenyana, komanso kumene tinthuto tapita.

Mayi, khazikani mtima pansi. Yaikuluyo ndi yaikazi, zitatuzo ndi zazimuna. Zimaigunda m'mimba kuti itulutse mazira, kenako n'kuthira umuna pamazirapo. Zimachita zimenezi nyengo yozizira ikatha, madzi akafunda kufika madigiri 18 mpaka 20, kawirikawiri mbandakucha. Mukaigwira yaimuna nthawi imeneyi, zipsepse zake zam'mbali zimamveka zokhakhala. Yaikaziyo muiyang'anitsitse, chifukwa nthawi zina imachoka mamba kapena kuchita mabala. Muchotsenso madzi ena n'kuthiramo atsopano, poti umuna ndi mazira oola zimaipitsa madzi msanga.

Tinthu tonga mikanda tija ndi mazira, ndipo anadyedwa ndi nsomba zanu zomwezo. Koi ilibe chifundo ndi ana ake. Ulendo wina mudzaike zingwe zomasulamasula m'dziwemo, mazira akamatirirapo mudzazisamutsire mu thanki ina ya madzi ofunda chimodzimodzi, yokhala ndi mpweya wokwanira. Amaswa pakatha masiku anayi kapena kuposerapo pang'ono, malinga ndi kufunda kwa madzi. Tianato timayamba takakamira kukhoma masiku awiri kapena atatu, kenako timasambira n'kuyamba kufuna tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi.

Koma ndikuuzirenitu zimene ogulitsa ambiri sanena. Yaikazi imodzi yaikulu imaikira mazira oposa 100,000, ndipo ana ambiri satengera makolo. Ngakhale mukweretse Kohaku ziwiri zokongola, zoyera za mawanga ofiira zija, mudzapeza ana ofiira thupi lonse, oyera mbee, ena opindika msana. Alimi a ku Niigata ku Japan, kumene mitundu imeneyi inayambira m'zaka za m'ma 1800, m'madera a Ojiya ndi Yamakoshi, amasankha ana kangapo m'miyezi yoyamba n'kusunga ochepa kwambiri. Kohaku imene inagulidwa mayeni (ndalama za ku Japan) 203 miliyoni mu 2018 inadutsa m'kusankha kotereku. Ine ntchito yotaya tiana imeneyi imandiwawa mpaka lero, koma sindinaonepo woweta waluso amene amailambalala.

Choncho musanasamutse mazira, ganizirani kaye malo. Koi imodzi imatha kupitirira masentimita 60 ndipo imakhala zaka 25 kapena kuposa. Ngati dziwe lanu ndi laling'ono, zisiyeni zidye mazirawo. Mwina tiwiri kapena titatu tidzapulumuka mu udzumo, ndipo mudzangotiona tikusambira titakula ngati chala.