Mankhwala oyeretsa mano ogula m'sitolo: amathandizadi?

Mwafunsa ngati mankhwala oyeretsa mano ogula popanda chikalata cha dokotala amagwira ntchito. Zimatengera chimene chadetsa manowo.

Ngati ndi tiyi, khofi kapena fodya, mankhwala otsukira mano olembedwa kuti whitening (kutanthauza kuyeretsa) amathandiza ndithu, chifukwa ali ndi timchenga tosalala ta silica timene timapala litsiro la pamwamba. Koma mtundu wa dzino lenilenilo sasintha.

Chimene chimalowa m'kati mwa dzino n'kuliyeretsa ndi hydrogen peroxide, yemwe amapezeka m'timapepala tomata pa mano. Onani kuchuluka kwake pa paketi. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union, zogulitsa m'sitolo sizidutsa 0.1%, n'chifukwa chake zotsatira zake zimakhala zochepa kwambiri. Madokotala a mano okha ndi amene amaloledwa kufika 6%. Za ku America zimakhala zamphamvu kuposa pamenepo. Nthawi zambiri mumamata timapepalati kwa mphindi 30 patsiku kwa masabata awiri. Mano akayamba kuwawa mukamwa madzi ozizira, pumani masiku awiri ndipo muzitsuka ndi mankhwala okhala ndi potassium nitrate, yemwe amachepetsa kuwawako. Musamate pa nkhama, zimapsa.

Mawanga abulauni obwera ndi mchere wa fluoride wochuluka m'madzi a mijigo ina kawirikawiri sachoka ndi timapepalati. Dzino lakufa lomwe lada, dzino loikirira komanso zimene dokotala anamata pa bowo, sizisinthanso. Apa pitani kwa dokotala wa mano, ayambe wathana ndi mabowo ndi matenda a nkhama.

Makala, phulusa ndi mandimu osakaniza ndi soda zisiyeni chonde. Zimaperesa chikuto cholimba cha dzino, chomwe sichimeranso, ndipo mbali yachikasu ya m'kati imayamba kuonekera.