Baarle-Hertog: Kumene Malire a Mayiko Amadutsa Pakhomo la Nyumba

Mwafunsa ngati chithunzi cha nyumba imene mzere wa malire wadutsa pakhomo pake n'chenicheni, komanso chifukwa chake tauniyo ili ndi mayina awiri. Chithunzicho si chopeka ayi. Kumeneko ndi ku Baarle-Hertog, dera laling'ono la ku Flanders m'chigawo cha Antwerp ku Belgium, lokhala ndi anthu pafupifupi 3,000. Tizidutswa 22 ta malo ake tili m'kati mwa Netherlands, tozunguliridwa ndi Baarle-Nassau (dzina la mbali ya Netherlands ya tauniyi), ndipo m'kati mwa tizidutswa timeneti mulinso tina 7 ta Netherlands.

Chisokonezochi chinayamba cha m'ma 1198, pamene Henry I, wolamulira dera la Brabant, anapereka malo kwa mfumu ya ku Breda (mzinda umene lero uli ku Netherlands) koma minda ina n'kuisunga m'manja mwake. Udindo wa Henry m'Chidatchi ndi "hertog", choncho minda imene anasunga ija ndiyo Baarle-Hertog. Ufumu wa Breda unadzagwa m'manja mwa banja la Nassau mu 1403, n'chifukwa chake mbali inayo ndi Baarle-Nassau. Za "Baarle" penipenipo akatswiri amasiyana maganizo, ngakhale ambiri amati "le" wakumapetoyo anachokera ku "lo", kutanthauza nkhalango.

Belgium itadziimira payokha kuchoka ku Netherlands mu 1830, olemba malire anafika pa Baarle mu 1843 n'kulephera kukoka mzere umodzi. M'malo mwake analemba munda uliwonse paokha, minda 5,732, uwu wa Belgium, uwu wa Netherlands. Mkangano wa minda ina ya kufupi ndi mudzi wa Zondereigen unakafika kukhoti la mayiko onse ku The Hague, ndipo mu 1959 Belgium inapambana. Malire anadzamalizidwa kwenikweni mu 1995.

Lamulo limene anthu amayendera ndi la chitseko. Nyumba ikadulidwa pakati, mwini wake amalembetsa ndi kukhoma misonkho m'dziko limene muli chitseko cha kumaso. Vuto limabwera mzerewo ukadutsa pachitseko penipeni, monga nyumba ya mumsewu wa Loveren yomwe ili ndi manambala awiri, 2 ndi 19. Pansi pa msewu pali timitanda toyera ndi zilembo B ndi NL, ndipo nambala ya nyumba imakhala ndi kambendera ka dziko lake. Mameya ndi awiri, apolisi ndi a mayiko awiri, koma laibulale ndi imodzi.

Mu 2020, malamulo a Covid atasiyana, sitolo ina ya zovala inatchinga mbali ya Belgium ndi chingwe uku mbali ya Netherlands ikugulitsa.

Mukafuna kupitako, sitima kulibe. Kwerani basi kuchokera ku Turnhout ku Belgium kapena ku Tilburg ku Netherlands, kapena palasani njinga m'njira ya Bels Lijntje, yomwe kale inali njanji yolumikiza matauni awiriwa.