Voti ya chamba: yankho kwa achimwene a ku Tsangano

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena olima mbatata ya kachewere uko ku Tsangano, dzina sinditchula poti sanandilole. Funso lawo linali lakuti: "Ndamva kuti ku America anthu wamba amachita kuponya voti kuti chamba chiloledwe, boma n'kumadulapo msonkho ngati mowa. Kuno feteleza wakwera, mbatata mavenda akungotola pamtengo wozizira, bwanji nafe osapanga riferendamu kuti tizilima poyera? Nanga inuyo mungavotere mbali iti?"

Achimwene, pepani ndachedwa kuyankha, nkhaniyi ndinkafuna ndiyambe ndagona nayo kaye chifukwa imandikhudza mbali ziwiri, ndifotokoza kutsogoloku.

Zomwe mwamvazo n'zoona, koma pali kena kake kamene anthu amakasiya akamakamba pa mabawo. M'madera ambiri a ku America anthu amaloledwa kulemba okha lamulo, n'kusonkhanitsa masiginecha okwanira, basi lamulolo lilowa pa pepala lovotera. Ndiye munthu akamachonga sakuyankha funso loti "chamba mumachikonda kapena ayi", akuvomereza kapena kukana lamulo lolembedwa kale, ndime ndi ndime. Ku Colorado mu November 2012 anthu pafupifupi 55 pa 100 aliwonse anavomereza, ndipo pepalalo linkanena poyera kuti wogula akhale wa zaka 21 kupita m'mwamba, asasunge zoposa magalamu 28, pakhomo adzale mitengo isanu ndi umodzi basi, komanso madola 40 miliyoni oyamba a msonkho chaka chilichonse apite komangira masukulu. Mashopu anatsegula pa 1 January 2014. Dera la Washington nalo linavomereza tsiku lomwelo la zisankho.

Koma si konse kumene voti inadutsa. New Zealand anayesa mu 2020, okana anapambana ndi pang'ono pokha. Ku Florida mu 2024 ovomereza anafika cha m'ma 56 peresenti koma lamulo lawo limafuna 60, ndiye zinagwa. Ndipo maiko ena sanadzere ku voti n'komwe, Uruguay mu 2013 ndi Canada mu 2018 anachita kudzera ku nyumba ya malamulo, pomwe ku Joni linali khoti lalikulu limene mu 2018 linagamula kuti munthu wamkulu kusuta kunyumba kwake si mlandu, koma kugulitsa ayi.

Nkhani imene ndikufuna muimvetsetse kwambiri, inu ngati mlimi, ndi ya ku California. Mu 2010 kunali voti yotchedwa Proposition 19, yofuna kulola chamba, kuchiyang'anira ndi kuchidula msonkho, ndendende zimene mukunenazi. Inagwa, okana anali cha m'ma 53 peresenti. Chimene chinadabwitsa anthu n'choti m'maboma a kumpoto ngati Humboldt ndi Mendocino, kumene kumalimidwa chamba chambiri kuyambira kalekale, tinene kuti ku Nkhotakota kwawo, namonso okana anachuluka. Alimi ambiri ankaopa kuti chikangololedwa mtengo ugwa ndipo makampani a ndalama alanda msika. Mu 2016 voti ina inadutsa ndi 57 peresenti, mashopu anatsegula mu 2018, ndipo mantha aja anapherezera, mtengo unagwadi, malaisensi ndi misonkho zinakwera moti alimi ang'onoang'ono ambiri anasiya kapena anabwerera ku msika wozemba, mpaka mu 2022 boma la California linachotsa msonkho wa kulima pofuna kuwapepuza. Mukamamva kuti ku America analola, muzifunsanso kuti amene analemera ndi ndani.

Tsopano tibwere kwathu. Kuno munthu wamba sangakakamize riferendamu ndi masiginecha, mphamvu yoitanitsa ili ndi pulezidenti malinga ndi malamulo oyendetsera dziko. Ndipo riferendamu imene tonse timaikumbuka ndi imodzi yokha, ya pa 14 June 1993, nyali (zipani zambiri) kapena tambala wakuda (chipani chimodzi). Ine ndinali mwana koma ndimakumbuka mzere wa anthu pasukulu m'chisanu cha June chija, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri. Kwathu kuno ku Dedza ambiri anasankha tambala, inu a ku Ntcheu ambiri munasankha nyali, maboma oyandikana, koma dziko linasankha matipate ndipo tonse tinatsatira. Funso lija linali lomveka, zipani zambiri kapena chimodzi. La chamba silili choncho ayi. Mawu oti "kulola" ali ndi matanthauzo ambiri: kulola kulima? kugulitsa? kusuta? ndani, kuti, wa zaka zingati? Mutafunsa m'minibasi ya ku Lizulu anthu khumi ovomereza mupeza kuti aliyense akuvomereza chake chake.

Komanso tisaiwale kuti chamba china chinaloledwa kale. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, chija amapangira zingwe, nsalu ndi mafuta, nkhani imene a Boniface Kadzamira anaiyambitsa ali phungu wa ku Ntchisi anthu n'kumawaseka. Panakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority lopereka ziphaso. Mu 2024 aphungu anavomerezanso kuti ngakhale chamba chathu chakuno chizilimidwa ndi chiphaso. Kusuta kokha n'kumene kudakali mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act. Ndiye funsani kuti chiyambire 2020 ndi alimi angati a ku Tsangano, ku Bembeke kapena ku Linthipe amene anapindula. Mitengo ya laisensi itatuluka, ya chamba cha mankhwala inali madola 10,000, nthawi imeneyo ndalama zopitirira K7 miliyoni, ya cha m'mafakitale madola 2,000, ndipo apo simunagule mbewu, simunamange mpanda, simunapeze wogula. Alimi ena analowa m'makopaletivu n'kusonkha ndalama zawo, pamapeto pake msika unawavuta. Mu 2021 tinamva kuti unduna wa zaulimi wapempha Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi, nkhani inamveka dziko lonse lapansi, koma mlimi wa khasu palibe chimene anagwira m'manja.

Zimenezi zimandiwawa chifukwa si zachilendo. Agogo anga ankanena za nthawi imene fodya wa bale ankalimidwa m'maesiteti mokha, mlimi wamba osaloledwa, amene ankafuna kumugwira ankapita kukakhala tenanti ku Kasungu kapena ku Mchinji. Lamulo linamasuka kumayambiriro a m'ma 1990. Ngakhale lero mlimi akatenga mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo, pofika poti alandire ndalama zake adulidwa thiransipoti, adulidwa ngongole ya feteleza, adulidwa zina ndi zina, chotsala n'chochepa. Ndikuopa kuti fodya wamkuluyu adutsa njira yomweyo, amene akhala akumangidwa chifukwa cholima Malawi Gold m'mapiri zaka zonsezi adzasanduka aganyu m'minda ya anthu ogula malaisensi.

Za msonkho nazo tiwerengere bwinobwino. Colorado mu 2021 inatolera madola oposa 400 miliyoni, ndi ndalama zambiri zedi koma pa bajeti yawo ndi kagawo kakang'ono, ndipo ogulawo ndi anthu a ndalama, ogula m'shopu ya risiti. Chamba chosuta simungachitumize kunja mwalamulo, pali pangano la maiko la 1961 limene Malawi alimo nawo, ndipo ngakhale ku America komweko boma lalikulu silinalole. Tanthauzo lake n'loti madola amene timalota aja sabwera kudzera m'chamba chosuta, adzabwera ngati abwera kudzera m'cha mankhwala chimene ndi chololedwa kale. Wogula chosutacho adzakhala ndani? Mnyamata wa kabaza pa Chimbiya, woitanira minibasi pa Ntcheu boma, mwana wa Fomu 3 amene wapatsidwa ndalama ya makope. Msonkho umenewo tidzakhala tikuutolera m'matumba mwa ana athu omwe. Nanga munthu angagule cha msonkho bwanji pamene chopanda msonkho chili kuseri kwa msika pamtengo wotsika? Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti kuyambira ku Dedza mpaka ku Biriwiri mbali zambiri malire a dziko ndi msewu wa M1 womwewo, uku Malawi uku Mozambique, munthu amawoloka ndi dengu la kabichi popanda womufunsa. Chimanga, shuga ndi feteleza zimadutsa usiku ndi usana, chamba n'chimene chingalephere?

Ndinati nkhaniyi imandikhudza mbali ziwiri. Msuweni wanga wina anagwidwa pa rodibuloko ina ali ndi kachamba kochepa m'thumba la jekete, kosakwana n'komwe kudzaza kabokosi ka machesi, ali ndi zaka 22. Ndalama ya chindapusa inasowa ndiye anakakhala kundende miyezi ingapo. Anatuluka ali wowonda, akutsokomola, mkazi atabwerera kwawo, munda utagonera, ndipo ntchito iliyonse imene akafunsira mbiri ija imamutsata. Sindinaonepo chimene dziko linapindula pomutsekera. Pa chifukwa chimenechi ndikamamva ma Rasta ndi anthu ena akunena kuti kumanga wosuta kuthe, mtima wanga umakhala nawo.

Koma ndilinso ndi mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi ku sekondale, wanzeru kuposa tonsefe pa masamu. Anayamba kubanda ali Fomu 2, tsiku ndi tsiku, pofika zaka 19 anayamba kuyankhula yekha ndi kunena kuti anthu akumulondola. Mayi ake anayenda naye kwa asing'anga, m'mapemphero, kenako kuchipatala cha amisala, ndipo mpaka lero akumwa mankhwala, amakhala pakhonde osafuna kuonana ndi anthu. Sindikunena kuti aliyense wosuta amapenga, tikudziwa madala ambiri amene asuta moyo wawo wonse akulima bwinobwino. Koma madokotala anapeza kuti amene amayamba ali wamng'ono, n'kumasuta pafupipafupi chamba champhamvu, chiopsezo cha matenda a maganizo chimakwera, poti ubongo umakhala ukukulabe mpaka zaka za m'ma 25. Ndipo chathuchi ndi champhamvu, n'chifukwa chake chinatchuka. Ku America kuli madokotala a maganizo ambirimbiri, kuno munthu akadwala choncho ulendo wake ndi wa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God, ndipo banja la ku Tsangano thiransipoti yokha ligulitsa mbuzi.

Ovomereza amati kulola ndi kumene kungateteze ana, poti shopu ya laisensi imafunsa chitupa pomwe wogulitsa mozemba safunsa. Mfundoyi ndi yomveka ndipo sindiikana. Koma taonani zimene zinachitika ndi mowa wa m'masacheti. Lamulo loti mwana wosakwana zaka 18 asagulitsidwe mowa linalipo kale, koma ana a pulayimale ankamwa masacheti pa nthawi ya buleki mpaka boma linachita kuletsa, ndipo ataletsa mowa womwewo unabwerera m'timabotolo. Amene akuti tidzayang'anira bwino chamba andiuze kaye kuti woyang'anirayo adzakhala ndani pa Lizulu tsiku la msika, adzalipidwa ndi ndani, ndipo akapeza wogulitsa kwa mwana chichitike n'chiyani.

Ndiye mwafunsa kuti ndingavotere mbali iti. Atati mawa atipatse pepala longolembedwa kuti "chamba chiloledwe, inde kapena ayi", ine ndichonga ayi, chifukwa inde wotero ndi kusainira pepala losalembedwa kanthu, ena n'kukadzaza okha ku Lilongwe, ndipo taona kale m'mene anadzazira mu 2020. Koma atabweretsa lamulo lonse, litamasuliridwa m'Chichewa, litawerengedwa pa wayilesi ndi m'mabwalo a mafumu miyezi ingapo voti isanafike, lonena kuti wopezeka ndi kochepa sapitanso kundende ndipo amene anamangidwa kale mbiri yawo ifufutidwa, kuti laisensi ya mlimi wa ekala imodzi idzakhala pamtengo woti angaikwanitse atagulitsa matumba angapo a mbatata, kuti kutsatsa malonda n'koletsedwa, ndiponso kuti gawo lotchulidwa ndi nambala la msonkhowo lizipita kwa anamwino ndi madokotala a maganizo m'zipatala za m'maboma, pamenepo ndingachonge inde, ngakhale amayi anga ndi akuluakulu a kumpingo kwathu sangasangalale nane.

Pakadali pano chimene mungachite chilipo. Lamulo lomanga wosuta likhoza kusinthidwa ndi aphungu popanda riferendamu, mtengo wa laisensi nawo ukhoza kutsitsidwa popanda riferendamu. Phungu wanu akabwera kumaliro kapena kumsonkhano wa chitukuko mufunseni zimenezi maso ndi maso, muli pagulu la alimi anzanu. Ndipo chonde achimwene, musadzale kaye ngakhale mtengo umodzi pakati pa mbatata zanuzo, popanda chiphaso udakali mlandu. Ngati kalabu yanu ikuganiza za chamba cha m'mafakitale, kafunseni kaye ku Cannabis Regulatory Authority ku Lilongwe, ndipo musapereke ndalama kwa munthu aliyense wobwera ndi galimoto n'kumalonjeza msika musanaone kontirakiti yolembedwa ndi dzina la wogula. Mundilemberenso mundiuze kuti mbatata thumba likupita zingati panopa pa Tsangano Turn-off.