Yankho kwa Mayi a ku Chikanda pa Nkhani ya Chibowo cha mu Windows

Mayi, funso lanu ndalimva motere: muli ndi malo otayipira ndi kusindikiza zikalata ku Chikanda, momwe muli makompyuta 6 a Windows 10, ndipo mwamva kuti mu Windows munapezeka chibowo chimene akuba anayamba kale kulowerapo. Mnyamata amene amakukonzerani makinawo wakuuzani kuti musade nkhawa, poti chibowocho chimathandiza wakuba pokhapokha ngati ali kale mkati mwa kompyuta, choncho mukufuna kudziwa ngati kuli koyenera kuthera bandulo pa ma update amene munawatseka kalekale. Langizo langa ndi lakuti muike ma update amenewo sabata ino isanathe, ndipo muyambire pa kompyuta imene mumasungapo ntchito za makasitomala ndi kaundula wa ndalama.

Zimene mnyamatayo wanena n'zoona ndithu, koma wasiya mbali imene ikukhudza inuyo. Chibowochi, chomwe nambala yake ndi CVE-2025-29824 monga mwalembera, sichilola munthu wakutali kungolowa mu kompyuta kudzera pa intaneti; chimafuna kuti pulogalamu ya wakubayo iyambe yatsegulidwa pa makinawo, ngakhale pa akaunti wamba yopanda ulamuliro. Pa kompyuta imene amagwira munthu mmodzi wosamala, chimenechi n'chotchinga chooneka. Koma ntchito yanu ndi yolandira aliyense wobwera kuti akhale pa makinawo. Kumapeto kwa semesita ophunzira a ku University of Malawi amaunjikana pakhomo panu ndi mafulashi m'manja, ndipo fulashi imene ikulowa mu kompyuta yanu madzulo, m'mawa inali pa laputopu ya mnzake ku hositelo, masana inadutsa pamalo ena osindikizira m'tauni. Wina akufuna kutsegula imelo kuti asindikize kalata yofunsira ntchito, wina watsitsa kapulogalamu kaulere kophatikizira mafayilo a PDF pa tsamba limene sakulidziwa. Sipafunika kuti mmodzi wa anthuwa akhale wakuba, chifukwa ambiri amanyamula pulogalamu yoipayo osadziwa n'komwe. Ikangotsegulidwa, chibowochi chimaikweza kuchoka pa akaunti wamba kufika pa ulamuliro wotchedwa SYSTEM, umene ndi wapamwamba kwambiri mu Windows. Zili ngati munthu wochita lendi amene munamupatsa kiyi wa chipinda chimodzi, koma wapeza njira yotengera mpukutu wonse wa makiyi a landilodi.

Vutoli lili mu kachigawo kotchedwa Common Log File System, kapena CLFS mwachidule, kamene mapulogalamu amalemberamo kaundula wa zimene akuchita. Kachigawoka kamagwira ntchito mkatikati mwa Windows, ndipo cholakwika chake n'chakuti kamabwereranso kukagwiritsa ntchito malo a mu memory amene kanawasiya kale, kotero kuti wakuba akafulumira kuikapo zinthu zake pamalowo, Windows imazilandira ngati zake. Kampani ya Microsoft inatulutsa chigamba, kutanthauza update yotseka chibowochi, pa 8 April 2025, ndipo tsiku lomwelo inalengeza kuti gulu limene imalitcha Storm-2460 linali litagwiritsa kale ntchito chibowochi, mothandizidwa ndi pulogalamu yoipa yotchedwa PipeMagic, polimbana ndi makampani ena ku United States, Venezuela, Spain ndi Saudi Arabia. Akubawo atapeza ulamuliro wonse anakopera mapasiwedi amene anali mu memory, anafufuta kaundula wa ma backup, anazimitsa njira imene Windows imadzikonzera yokha ikawonongeka, kenako anatseka mafayilo n'kusiya kalata yofuna dipo.

Sindikunena kuti gulu limeneli likusaka malo osindikizira a ku Zomba. Chondidetsa nkhawa n'chakuti chigamba chikatuluka, akatswiri abwino ndi oipa omwe amachisanthula kuti aone pamene panabooka, ndipo m'kupita kwa miyezi njirayo imafika kwa akuba wamba amene sasankha woti amubere. Komanso aka si koyamba kuti CLFS ipezeke ndi vuto lotere akuba atayamba kale kulowerapo: zinachitika mu September 2022, zinachitikanso mu April 2023 pamene chibowo china chinagwiritsidwa ntchito pofalitsa pulogalamu yotseka mafayilo ya Nokoyawa, ndiponso mu December 2024. Ngati ma update munawatseka zaka zimenezi zisanafike, ndiye kuti zibowo zonsezi n'zotsegula pa makina anu.

Choyamba dziwani pamene muli. Pa kompyuta iliyonse dinani batani la Windows pamodzi ndi chilembo cha R, lembani winver m'kabokosi kotulukako, ndipo muwerenge zimene zalembedwa. Pafunika pakhale Version 22H2, ndipo nambala ya OS Build ikhale 19045.5737 kapena kuposa pamenepo, chifukwa imeneyi ndiyo inabwera ndi chigamba cha April 2025. Ikakhala yotsika, chibowo chilipo. Nkhani ya bandulo ndikuimvetsa, koma simuyenera kutsitsa ma update a mwezi uliwonse umene munadumpha, popeza update yatsopano imanyamula zonse za m'mbuyo, ngakhale kuti makina otsalira kwambiri angafune kuti muyambe mwawakweza kufika pa 22H2. Simuyeneranso kutsitsa kasanu ndi kamodzi. Mnyamata wanuyo apite pa tsamba la Microsoft Update Catalog, atsitse fayilo imodzi ya update yomaliza yaulere, ya October 2025, yogwirizana ndi makina anu, makamaka usiku ngati kampani yanu ya foni ili ndi bandulo yotsika mtengo nthawi imeneyo, aike pa fulashi yatsopano imene sinalowepo m'makina a anthu ena, ndipo aizungulitse pa makompyuta onse. Asankhe nthawi imene magetsi sakuzimazima, kapena alumikize kompyutayo ku UPS, kachipangizo ka batire kopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima, chifukwa magetsi akathima update ili pakati Windows ikhoza kukana kuyaka. Akamaliza ayatsenso kompyuta iliyonse ndi kuonanso winver, poti chigamba sichiyamba kugwira ntchito makinawo asanazimitsidwe n'kuyatsidwanso.

Pali funso limodzi limene muyenera kumufunsa mnyamatayo mosapita m'mbali: kodi makasitomala amakhala pa akaunti yanji? Malo ambiri otere amasiya akaunti imodzi ya administrator yopanda pasiwedi kuti aliyense agwiritse ntchito, ndipo zikatero wakuba safunanso chibowo chilichonse, poti ulamuliro wapatsidwa kale. Makasitomala akhale ndi akaunti wamba, ya administrator ikhale ndi pasiwedi yodziwa inu nokha, ndipo pasiwediyo isafanane pa makompyuta onse, kuopa kuti imodzi ikagwidwa zotsalazo zingatsatire. Mumufunsenso za Windows ndi Office zimene zili pa makinawo, ngati zili zovomerezeka kapena zinatsegulidwa ndi timapulogalamu tachinyengo totsitsa pa intaneti. Ndikudziwa kuti funsoli silikoma kwa ambiri a ife, koma timapulogalamu timeneti timafuna kuti muzimitse Microsoft Defender, pulogalamu yoteteza Windows ku mavairasi, ndi kutipatsa ulamuliro wonse ndi manja anu, ndipo kawirikawiri ndi chifukwa chake ma update amatsekedwa.

Kompyuta ya kaundula wa ndalama makasitomala asaigwire n'komwe. Ntchito zimene anthu amakusiyirani, monga ma dissertation ndi zithunzi za ziphaso za unzika, muzizikopera pa hard disk yapadera imene mumaichotsa mukamaliza n'kuitsekera m'kabati, popeza disk yolumikizidwa nthawi zonse imatsekedwa limodzi ndi kompyutayo. Zithunzi za ziphaso ndi bwino kuzifufuta ntchito yake ikangotha, kusiyana ndi kuzisiya zitaunjikana pa Desktop.

Dziwaninso kuti chigamba chimatseka chibowo koma sichitulutsa amene analowa kale. Mukapeza akaunti imene simunaipange, kapena Defender yozimitsidwa popanda wovomera kuti ndiye anaizimitsa, chotsani kompyutayo pa netiweki, pulumutsani zikalata zokha, ikani Windows mwatsopano, ndipo mapasiwedi a imelo ndi a kubanki amene analembedwapo muwasinthire pa chipangizo china chimene mukuchikhulupirira.

Chomaliza ndi cholemerako pathumba. Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a Windows 10 pa 14 October 2025, kotero ngakhale mutseke chibowochi, chotsatira chake sichidzakhala ndi chigamba pa makina anu pokhapokha mutalowa m'ndondomeko ya ESU yopitirizira kulandira ma update a chitetezo, imene kwa mabizinesi inayambira pa madola 61 pa kompyuta imodzi chaka choyamba ndipo mtengowo umawirikiza chaka chilichonse. Makompyuta amene ali ndi TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta, komanso purosesa yovomerezeka akwezeni kupita pa Windows 11, zomwe n'zaulere ngati laisensi yanu ili yeniyeni. Pulogalamu ya PC Health Check idzakuuzani amene akuyenera. Otsalawo mukhoza kuwaikira Linux Mint kapena Ubuntu, mitundu ya Linux yolowa m'malo mwa Windows, kuti azigwira ntchito yotsegula intaneti ndi kusindikiza, mutayamba mwayesa ngati printa yanu ikugwirizana nazo, koma nawonso azilandira ma update, chifukwa Linux inakhala ndi chibowo cha mtundu womwewu chotchedwa PwnKit kuyambira 2009 mpaka pamene chinaululidwa mu January 2022. Mukaona winver pa makina onse, mutitumizire manambalawo pamodzi ndi mtundu wa purosesa, kuti tikuthandizeni kusankha makompyuta oyenera Windows 11 ndi oyenera Linux.