Mwana woimba lipenga angadzakhale pulofesa?

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, wanditumizira imelo. Mnyamata wawo wa giredi 10 amaimba lipenga m'bandi ya kutchalitchi, ndipo akuti akufuna kudzakhala pulofesa wophunzitsa zida zoimbira. Bambo ake akuti n'zachibwana. Mayiwo akufunsa kuti anthu otere amadzera njira iti.

Mayi, ndiyambe ndi munthu wa konkuno. Pulofesa Khabi Mngoma anabadwira ku Troyeville mu 1922. Asanafike pa upulofesa anatha zaka zambiri ku Soweto akuphunzitsa ana kuimba ndi kuliza vayolini, nayambitsanso gulu la Ionian Music Society. Mu 1975 ndi pamene anapita ku University of Zululand kukatsegula gawo la nyimbo, atapitirira kale zaka 50. Malemu Sibongile Khumalo, woimba wotchuka, anali mwana wake, ndipo bambo akewo ndi amene anamulimbikitsa pa nyimbo.

Ndatchula Mngoma dala. Ntchitoyi imayambira pa mwana wa zaka 9 yemwe wafufumitsa masaya koma lipenga likungotulutsa mpweya. Mphunzitsi amagwada, kumuonetsa kaikidwe ka milomo pa kakamwa ka lipenga, kumugwiritsa pamimba kuti amve kumene mpweya ukuchokera, sabata yamawa n'kubwerezanso zomwezo. Pulofesa wa phunziroli amaphunzitsa aphunzitsi kuchita zimenezi, ndiye sangakhale munthu woti sanazichitepo. Mwana wanu adzafunikanso kudziwako klarineti, ng'oma ndi piyano, poti sukulu zambiri mphunzitsi wa bandi amakhala mmodzi yekha.

Chofulumira panopa ndi kuwerenga manotsi. Ana athu ambiri akumpingo amaimba ndi khutu kapena solofa, luso lomwe ndimalilemekeza kwambiri, koma pakhomo la yunivesite silikwanira. Ayambe mayeso a nyimbo a yunivesite ya UNISA, kapena a mabungwe a ku Britain a ABRSM ndi Trinity, omwe amakwera mpaka giredi 8 ya nyimbo, osaiwala theory, phunziro la malamulo a nyimbo. Ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein, digiri ya nyimbo ya BMus ndi ya zaka 4, ndipo asanamutenge amayamba amumva akuimba. Akafuna kuphunzitsa kusukulu awonjezere PGCE, satifiketi ya uphunzitsi ya chaka chimodzi, alembetse ku SACE, bungwe lolembetsa aphunzitsi. Madigiri a Masters ndi udokotala wa maphunziro (PhD) amabwera pambuyo, limodzi ndi kafukufuku ndi kulemba.

Bambo akewo musawatsutse kwambiri pa nkhani ya ndalama. Poyamba zimachepadi, ambiri amawonjezera ndi kuphunzitsa ana payekhapayekha masana. Ndipo ngati mwanayo ndi mlendo wokhala kuno pa chitupa cha maphunziro, thandizo la boma la fizi la NSFAS silimufika, choncho fizi muyambe kuikonzekera lero.

Atengeni onse awiri, bambo ndi mwana, ku Linder Auditorium ku Parktown akaone Johannesburg Philharmonic Orchestra. Fufuzaninso za Field Band Foundation, omwe amaphunzitsa achinyamata malipenga ndi ng'oma. Kenaka pemphani wotsogolera bandi kuti Loweruka azimupatsa mnyamata wanuyo ana awiri ongoyamba kumene kuti aziwaphunzitsa, inu muone ngati iye adzabwerereko mwezi wachitatu.