Kugona sikuchotsa mowa m'magazi

M'bale wina amene amayendetsa thiraki ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti: "Loweruka ndimamwa mabotolo 8 kuyambira 8 koloko usiku. Ndimagona, 5 koloko m'mawa ndimasamba madzi ozizira, kumwa khofi, n'kunyamuka. Apolisi atandiyeza angandipeze ndi mowa?"

Achimwene, angakupezeni nawo, ndipo funso lanuli landidetsa nkhawa.

Ku South Africa malire a dalaivala wamba ndi magalamu 0.05 a mowa m'mamililita 100 a magazi. Koma inu amene kuyendetsa ndi ntchito yanu, lamulo la pamsewu la 1996 linakuikirani 0.02. Kwathu ku Malawi malire ndi 0.08, n'chifukwa chake ena amawoloka pa chipata cha Beitbridge polowa mu South Africa ali ndi maganizo akumudzi, osadziwa kuti botolo limodzi lokha likhoza kuwagwiritsa.

Tiwerengere limodzi. Botolo la mamililita 340 la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni. Chiwindi chimaphwanya magalamu 8 kapena kuposerapo pang'ono pa ola, ndipo sichifulumira chifukwa choti muli ndi ulendo. Mabotolo anu 8 aja akufuna maola oposa 12. Ndiye kuti pamene mukuliza injini 5 koloko, chiwindi chikadali pa ntchito. Munthu wa thupi laling'ono, kapena amene anamwa m'mimba mulibe kanthu, mowa umakwera kwambiri m'magazi mwake.

Za khofi ndi madzi ozizira, iwalani. Zimangotsegula maso. Msuzi wa tsabola, kanyenya, kutafuna chingamu, zonsezi zimabisa fungo basi, pomwe kachipangizo kopumiramo kamayeza mpweya wochokera m'mapapo.

Koma ine apolisi sakundiopsa kwambiri ayi. Mowa umayamba kusokoneza munthu asanadzandire n'komwe. Maso amasiya kuona bwino zam'mbali, phazi limachedwa kuchoka pa giya wa moto kupita pa buleki, ndipo mtima umakuuzani kuti zonse zili bwino. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Taganizani minibasi yaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu, mwana ali pa mpando wakumbuyo, inu muli ndi matsire ndiponso katundu wodzaza thiraki.

Ngati Lamlungu mukunyamuka m'bandakucha, Loweruka limenelo musamwe. Mukapezeka kuti mwamwa kale, imbirani abwana anu usiku womwewo kuti ulendo usinthidwe kapena apeze dalaivala wina.